Phunziro 17: Denga la Lusalite

Mawu a lero: denga, lusalite, fumbi, mapapo, lamulo.

1. Funso limene linabwera m'kalasi

Anzathu, phunziro la lero lachokera kwa mmodzi wa ife. Ndi amayi amasiye amene amaphunzira nafe kuno ku Zóbuè. Amuna awo ankagwira ntchito ku Moatize, ndipo anawasiyira nyumba yakale kumeneko. Nyumbayo ili ndi denga la lusalite. Mvula ya mphepo itagwa, nthambi ya mango inathyokera padengapo ndi kuswa malata atatu.

Tsiku lotsatira amayiwo anaimika dzanja, nati: "Aphunzitsi, mwana wanga akuti tigwetse denga lonse. Malata osweka tiwadule tifolere khola la nkhuku, athunthuwo tigulitse tipeze ndalama zogulira atsopano. Kodi pamenepa pali cholakwa?"

Ife tinayankha kuti: "Amayi, mwachita bwino kufunsa. Safunsa anadya phula. Muuzeni mwana wanu ayambe waima. Asadule, asagulitse, asasese. Tiphunzire kaye tonse pamodzi."

Funso la amayi aja ndi la anthu ambiri. Tikamayenda pa msewu waukulu wochokera ku malire kupita ku Tete, timaona madenga otuwa pa masitolo akale, pa nyumba zina za boma ndi pa nyumba zakale za antchito ku Moatize. Ambiri a madengawa akalamba. Eni ake akuganiza zowachotsa. Tsono tiyeni tiphunzire zinthu zitatu: kuopsa kwake, zimene lamulo likunena, ndi ndalama zimene ntchitoyi imadya.

2. Lusalite ndi chiyani?

Lusalite ndi malata opangidwa ndi simenti yosakaniza ndi ulusi wa mwala. Mwala umenewu dzina lake ndi asibesitosi. M'Chipwitikizi amati amianto. Umakumbidwa pansi monga malasha, koma ukauphwanya umanyenyeka ngati thonje. Pa makilogalamu 100 a lusalite wakale, makilogalamu 10 mpaka 15 amakhala asibesitosi.

Dzina loti lusalite ndi la fakitale. Fakitale ya Lusalite inamangidwa ku Dondo, pafupi ndi Beira, nthawi ya atsamunda. Kumeneko ankapanga malata, mapaipi ndi matanki a madzi. Anthu anazolowera dzinalo, mpaka lata lililonse lotuwa la mtundu umenewu analitcha lusalite.

Makolo athu ankakonda lusalite, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Sachita dzimbiri. Chiswe sichimudya. Sayaka moto. Dzuwa la ku Moatize likaswa mtengo, nyumba ya lusalite siitentha ngati ya malata achitsulo. Mvula ikamagwa, anthu m'nyumba amamvana polankhula. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Enafe agogo athu anapita ku ntchito ku Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Kumeneko, ku Zvishavane ndi ku Mashava, kunali migodi ikuluikulu ya asibesitosi, ndipo amuna ochokera ku Tete ndi ku Nyasaland anali pakati pa okumba. Motero mwala umenewu si wachilendo m'mabanja mwathu.

Tidziwenso ichi. Masiku ano kuli malata a simenti opanda asibesitosi. Amafanana kwambiri ndi akalewo, ndipo diso silingathe kusiyanitsa. Amene angatsimikize ndi akatswiri oyeza ndi makina. Choncho lata lililonse la lusalite limene linaikidwa padenga chisanafike chaka cha 2010, ife tilitenge kuti lili ndi asibesitosi.

3. Fumbi losaoneka

Ulusi wa asibesitosi ukakhala womangika m'simenti, sutuluka wambiri. Vuto limayamba lata likadulidwa, likaboola, likasweka, likapalidwa kapena likafumbwa ndi ukalamba. Pamenepo tiulusi timauluka. Ndi tating'ono kuposa tsitsi kutalitali. Sitioneka, sitinunkha, sitiyetsemulitsa. Timatha kuyandama m'chipinda kwa maola ambiri.

Munthu akatipuma, timakalowa m'kati mwa mapapo. Thupi limalephera kutisungunula tonse. Tina timakhala momwemo moyo wake wonse. Matenda amene timayambitsa ndi awa.

Oyamba ndi kuuma kwa mapapo. Mapapo amachita zipsera, amaleka kufutukuka bwino, ndipo munthu amabanika ngakhale akukwera kachitunda kakang'ono. Achiwiri ndi khansa ya m'mapapo. Munthu wosuta fodya amene anapumanso fumbili ali pa ngozi yaikulu kuposa wosasuta. Achitatu ndi khansa ya kachikopa kokuta mapapo kapena matumbo, imene madokotala amaitcha mesothelioma. Imeneyi kuchira kwake n'kovuta kwambiri. Fumbili limayambitsanso khansa ya pakhosi ndi ya m'thumba la mazira a amayi.

Choopsa china n'chakuti matendawa sabwera msanga. Amatha zaka 20, 30 kapena 40 asanaonekere. Mnyamata akadula lusalite lero, mawa adzuka bwinobwino, n'kumati aphunzitsi aja amangotiopseza. Adzayamba kudwala ali ndi zidzukulu, ataiwala kale za tsiku lija.

Mu 1960 dokotala wa ku South Africa, J. C. Wagner, ndi anzake awiri analemba za odwala 33 amene anali ndi mesothelioma. Pafupifupi onse anali atapumako fumbi la asibesitosi. Ena mwa iwo sanagwirepo ntchito mumgodi. Ankangokhala pafupi, ndipo ena ankasewera pa milu ya zinyalala za mgodi ali ana. M'maiko ena amayi anadwala chifukwa chokung'untha ndi kuchapa zovala za amuna awo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, likunena kuti mitundu yonse ya asibesitosi imayambitsa khansa, ndiponso kuti anthu oposa 200,000 amafa chaka chilichonse chifukwa cha fumbi limene anapuma pa ntchito.

Ngati wina wa ife akutsokomola nthawi yaitali, akubanika, akumva kuwawa m'chifuwa kapena akuonda, apite ku chipatala. Akhoza kukhala matenda a chifuwa chachikulu, amene ali ndi mankhwala. Koma akawafotokozere a chipatala ntchito zonse zimene anagwirapo: ya mumgodi, ya zomangamanga, ya kufolera kapena kugwetsa nyumba. Mbiri imeneyi imawathandiza kudziwa poyambira.

4. Zimene lamulo likunena

Maiko ambiri analetsa asibesitosi. Portugal inaletsa mu 2005 pamodzi ndi maiko ena a ku Ulaya. South Africa inaletsa mu 2008. Dziko lathu la Mozambique linaletsa mu 2010.

Lamulo lathu ndi Decreto 55/2010, la pa 22 Novembala 2010. Limaletsa kupanga, kugwiritsa ntchito, kulowetsa m'dziko, kutulutsa kunja ndi kugulitsa asibesitosi ndi zinthu zopangidwa ndi iye. Tiwerengenso mawu asanuwo mokweza: kupanga, kugwiritsa ntchito, kulowetsa, kutulutsa, kugulitsa.

Kodi mawu amenewa akutanthauza chiyani kwa ife? Tikatsitsa lusalite wakale n'kumugulitsa kwa mnansi, tachita malonda oletsedwa. Tikamutenga n'kufolera khitchini, khola kapena chimbudzi chatsopano, tamugwiritsanso ntchito. Ife a ku Zóbuè tili pa malire ndi Mwanza. Wina akatiuza kuti pali malata otsika mtengo a asibesitosi oti tiwolotse, kaya kulowa nawo kaya kutuluka nawo, tikane.

Pali lamulo lachiwiri, Decreto 83/2014, la pa 31 Disembala 2014. Limeneli limanena za zinyalala zoopsa. Zinyalala zotere sizisakanizidwa ndi zinyalala wamba, sizitayidwa paliponse, ndipo amene amagwira ntchito yozinyamula ayenera kukhala ndi chilolezo cha boma. Zidutswa za asibesitosi ndi zinyalala zoopsa. Si zinyalala za kudzala.

Nanga tikafunse kuti? Okhala m'tauni ya Moatize apite ku Conselho Municipal. Ife a kumidzi tiyambire kwa nyakwawa ndi ku ofesi ya Posto Administrativo ya Zóbuè. Ku boma la Moatize kuli ofesi yoona za mapulani ndi zomangamanga, yotchedwa SDPI, imene imayang'aniranso za chilengedwe. Tipite tisanayambe ntchito, osati malata ali kale pansi. Tifunse mafunso atatu. Kodi pakufunika chilolezo? Kodi alipo amisiri ophunzitsidwa ntchitoyi? Kodi zidutswa tikazisiye kuti? Popeza tsopano tikudziwa kulemba, yankho lawo tililembe m'kope, pamodzi ndi tsiku lake.

Ana athu ambiri amagwira ntchito ya zomangamanga ku South Africa. Tiwauze kuti kumeneko kuli malamulo a chaka cha 2020. Kuchotsa malata a asibesitosi okwana masikweya mita 10 kapena kuposa ndi ntchito ya kampani yolembetsedwa ku boma, ndipo boma liyenera kudziwitsidwa masiku 7 ntchito isanayambe. Bwana akawapatsa nyundo yekha n'kuwauza kuti akwere padenga, adziwe kuti akuwaika pa ngozi.

5. Denga labwino tilisiye

Wina angafunse kuti: "Ngati lusalite ndi woopsa chotere, bwanji tonse tisagwetse madenga mawa lomwe?" Yankho n'lakuti kugwetsa mopupuluma n'koopsa kuposa kusiya. Denga lathunthu, losasweka, losafumbwa, limatulutsa fumbi lochepa. Denga logwetsedwa ndi nyundo limatulutsa fumbi lambiri tsiku limodzi, ndipo fumbilo limagwera pabwalo, m'nkhokwe ndi kwa anansi.

Choncho mwini nyumba ayambe ndi kuyang'ana. Ayang'ane ali pansi kapena pa makwerero. Kodi pali ming'alu? Kodi m'mphepete mukunyenyeka? Kodi ulusi ukuoneka? Kodi pansi pamagwa ufa wotuwa? Ngati zonsezi palibe, dengalo likhoza kudikira pamene iye akusonkhanitsa ndalama. Aziliyang'ana chaka chilichonse mvula isanayambe, ndiponso mphepo yamkuntho ikadutsa.

Podikirapo asunge malangizo awa. Asapale dengalo ndi bulashi ya waya. Asalitsuke ndi madzi amphamvu a pampu. Asaboolepo poika waya wa magetsi kapena mbale ya kanema. Asadanikepo chimanga kapena chinangwa. Adule nthambi za mitengo zimene zalendewera pamwamba pake. Ana asaponye miyala padenga pogwetsa mango. Ngati akufuna kupaka penti kuti ulusi umangike, apake mofatsa popanda kupala.

Munthu asayende pa lusalite wakale. Amasweka mwadzidzidzi ngati phale, ndipo anthu ambiri avulala ndi kufa chifukwa chobooka nalo denga. Iyi ndi ngozi ya lero lomwe, yosadikira zaka 30.

Za madzi a mvula ochokera padenga, tisachite mantha opitirira. Ngozi yaikulu ya asibesitosi ili pa kupuma. Koma matope amene amasonkhana mu ngalande ya denga amakhala ndi ulusi. Tiwachotse ali onyowa, tiwaike m'thumba la pulasitiki, tisadikire kuti aume.

6. Kutsitsa denga

Denga likafumbwa kapena likasweka kwambiri, liyenera kutsika. Njira yabwino koposa ndi kuitana amisiri ophunzitsidwa, okhala ndi zida zake. Koma mmisiri aliyense amene wabwera, mwini nyumba ayenera kudziwa njira yoyenera kuti aone ngati ntchito ikuyenda bwino. Njira yake ndi iyi.

Choyamba, tisankhe tsiku lopanda mphepo, m'mawa kukadali chinyezi. Tiwauze anansi atseke mazenera, achotse zovala pa chingwe, avundikire ufa ndi madzi. Ana, amayi oyembekezera, okalamba ndi ziweto apite kutali. Katundu wa m'nyumba atuluke, ndipo pansi tiyale pulasitiki.

Chachiwiri, ogwira ntchito avale zodzitetezera. Chophimba mphuno ndi pakamwa chikhale cholembedwa FFP3 kapena P3, ndipo chigwire nkhope bwino. Munthu wa ndevu ayambe wameta, pakuti fumbi limalowera m'mbali. Kansalu kamene tinkavala nthawi ya Covid-19 sikatchinga ulusi umenewu. Avalenso ovolosi yotaya ikatha ntchito, magolovesi ndi nsapato za jombo zosavuta kutsuka.

Chachitatu, tinyowetse malata. Tiwaze madzi pang'onopang'ono, osakaniza ndi sopo pang'ono kuti alowerere. Lata likayamba kuuma, tiwazenso. Tikumbukire kuti lata lonyowa limaterera, choncho mmisiri aponde pa matabwa oyalidwa pa mitanda, kapena agwire ntchito ali m'munsi mwa denga.

Chachinayi, timasule mabawuti kapena tidule chitsulo chake. Tisadule latalo. Makina odulira a magetsi, macheka ndi nyundo zisayandikire. Lata lililonse litsike lathunthu, anthu akulandizana kapena ndi chingwe. Lisaponyedwe pansi.

Chachisanu, tisanje malatawo pa pulasitiki yochindikala, tiwakulunge kawiri, timate ndi tepi. Tizidutswa tating'ono titole ndi manja ovala magolovesi, tiike m'matumba awiri, lina m'kati mwa linzake. Pamwamba tilembe ndi zilembo zazikulu: ASIBESITOSI. NGOZI. AMIANTO. PERIGO.

Chachisanu ndi chimodzi, tisasese ndi tsache. Tsache limadzutsa fumbi. Tipukute mitanda, makoma ndi pansi ndi nsanza zonyowa, ndipo nsanzazo zilowe m'thumba lomwelo.

Chachisanu ndi chiwiri, pa ntchito pasakhale kudya, kumwa kapena kusuta. Pomaliza mmisiri avule ovolosi pomwepo, aiike m'thumba, atsuke jombo, ndipo chophimba mphuno achivule pomalizira penipeni. Asambe thupi lonse asanalowe m'nyumba ndi kunyamula mwana. Zovala za fumbi zisapite kwa mayi wa kunyumba kuti akachape.

7. Zidutswa zipita kuti?

Apa m'pamene ambiri timalakwa. Timati chinthu cholimba chotere sichitayidwa. Ena amatseka nacho maenje a mumsewu, ndipo galimoto zikamaponda chimasanduka ufa. Ena amatchingira dimba kapena khola. Ena amachiika pamoto n'kukazingirapo mtedza kapena kuotcherapo chimanga, osadziwa kuti lusalite akatentha amaphulika ndi kumwaza ulusi. Atsikana amatola kachidutswa kosalala n'kuseweretsa phada, ndipo anyamata amalembera pa khoma ngati choko. Zonsezi tizileke kuyambira lero.

Zidutswa tisaziotche, tisazisinje, tisazitaye mumtsinje, m'dambo kapena kudzala. Malo odziwika otayirako zinyalala zoopsa m'dziko muno ali ku Mavoco, m'boma la Boane, pafupi ndi Maputo. Kuchokera ku Tete ndi makilomita oposa 1,500. Mlimi mmodzi sangathe ulendo wotere. N'chifukwa chake tanena kuti tifunse a boma tisanatsitse denga. Akatisonyeza malo okwirira, tionetsetse kuti ndi kutali ndi chitsime, munda ndi mtsinje, ndipo paikidwe chizindikiro kuti mtsogolo wina asadzakumbepo maziko. Pamene tikudikira yankho, mitoloyo ikhale yokulungidwa, pamalo pamene ana ndi mbuzi safika.

Nkhaniyi imakula kukachitika mphepo yamkuntho. Usiku wa pa 14 Malichi 2019 namondwe wa Idai anagwera mzinda wa Beira. Madenga ambiri a lusalite anaphwanyika, zidutswa zinadzaza m'misewu ndi m'mabwalo, ndipo anthu ankatola ndi manja kuti akonze pogona. Kuno kwathu sitinaiwale namondwe wa Ana, kumapeto kwa Januwale 2022, pamene mlatho wa pa Revúbuè unaduka. Mphepo zotere zidzabweranso. Zikabwera, tikumbukire mawu atatu: nyowetsa, tola, kulunga.

8. Tiwerengere mtengo

Munthu wofuna kusintha denga amawerengera malata atsopano okha, n'kuiwala mtengo wochotsa akale. Ndalama zikamuthera pakati, amayamba kuchita zachidule, ndipo zachidulezo n'zimene zimadzutsa fumbi. Tiyeni tichite masamu.

Sikweya mita imodzi ndi malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Lusalite wa padenga amalemera makilogalamu pafupifupi 15 pa sikweya mita imodzi. Tiyerekeze denga la mbali ziwiri. Mbali iliyonse ndi mamita 10 mulitali ndi mamita 3 mulifupi.

10 x 3 = 30

30 x 2 = 60

60 x 15 = 900

Dengali ndi masikweya mita 60, ndipo likulemera makilogalamu 900. Tikagawa 900 ndi 50 tipeza 18. Ndiye kuti likulemera ngati matumba 18 a chimanga a makilogalamu 50. Katundu wotere sanyamulidwa pa njinga. Mwa makilogalamu 900 amenewa, asibesitosi ndi makilogalamu 90 mpaka 135.

Tsopano tilembe zonse zofuna ndalama. Manambala ali m'munsiwa ndi ongoyerekezera kuti tiphunzire kuwonkhetsa. Mitengo yeniyeni imasintha, ndipo tikaifunse tokha ku masitolo a ku Zóbuè, Moatize kapena Tete.

Malata achitsulo 30, limodzi mametikali 600: 18,000

Misomali ndi mitengo yolowa m'malo mwa yofumbwa: 5,000

Zophimba mphuno, maovolosi, magolovesi, pulasitiki ndi tepi: 4,000

Malipiro a amisiri, kutsitsa ndi kufolera: 6,000

Galimoto yonyamula mitolo: 5,000

Zonse pamodzi: mametikali 38,000

Taonani. Malata atsopano ndi 18,000 okha, osafika theka la ndalama zonse. Amene wasunga 18,000 n'kuyamba ntchito, adzaima denga lili pansi, mvula ili pafupi. Banja likamasunga mametikali 2,000 pa mwezi, lidzafika 38,000 pa miyezi ingati? Tigawe 38,000 ndi 2,000. Yankho ndi miyezi 19.

Mmisiri akabwera, timufunse tisanagwirizane mtengo. Kodi mutsitsa bwanji? Kodi muli ndi zophimba mphuno za mtundu wanji? Kodi zidutswa mukazisiya kuti? Akayankha kuti adzazitenga yekha kwaulere, tichenjere, pakuti mwina akufuna kukagulitsa kapena kukataya m'tchire. Zimene tagwirizana zilembedwe pa pepala, ndipo tonse tisayine. Wogula nyumba yakale nayenso ayang'ane denga asanalipire, ndipo mtengo wodzalichotsa auwerengere pokambirana.

9. Mutu umodzi susenza denga

Mwambi uwu makolo ankaunena ponyamula denga la nkhokwe. Pa lusalite ndi woona koposa. Mabanja asanu okhala ndi madenga okalamba akhoza kugwirizana. Akhoza kuchita chipereganyu, chimene ena amati xitique, n'kumasintha denga limodzi limodzi, kuyambira loonongeka kwambiri. Akhoza kugula pulasitiki pamodzi, kubwereka galimoto imodzi, ndi kupita ku boma ndi kalata imodzi. Kalata ya mabanja asanu imamveka kuposa mawu a munthu mmodzi.

Nanga amayi aja anachita chiyani? Anapita ku Moatize ndi kope lawo. Anamuwerengera mwana wawo zimene tinalemba pa bolodi. Mwanayo poyamba anaseka, nati: "Amayi, ine ndakulira m'nyumba yomweyi, kodi ndadwala?" Iwo anayankha kuti: "Mwanawe, wakulira pansi pa denga lathunthu. Lero ukufuna kulidula." Ananyowetsa zidutswa, anazitola, anazikulunga ndi kulembapo. Pamalo obookawo anatchingapo ndi malata achitsulo. Denga lotsalalo silinagwetsedwe, ndipo palibe lata limene linagulitsidwa. Nkhuku zikugonabe m'khola la udzu. Tsopano akusunga ndalama, ndipo kalata yofunsa kotayira zidutswa anailemba ndi dzanja lawo.

Tiwerenge ndi kulemba

fu-mbi: fa fe fi fo fu; mba mbe mbi mbo mbu

de-nga: da de di do du, nga nge ngi ngo ngu

Tipange mawu ena ndi maphatikizo amenewa, monga fumba, dambo, mbingu ndi dengu. Kenaka tikopere ziganizo izi m'makope mwathu:

Fumbi la lusalite limaononga mapapo.

Denga lathunthu tilisiye, losweka tilinyowetse.

Lusalite wakale sagulitsidwa.

Mafunso okambirana

1. Kodi lusalite amapangidwa ndi zinthu ziti?

2. Kodi ulusi wa asibesitosi umatuluka nthawi yanji?

3. N'chifukwa chiyani munthu amene wapuma fumbili sadziwa msanga?

4. Tchulani zinthu zisanu zimene Decreto 55/2010 imaletsa.

5. N'chifukwa chiyani sitisesa ndi tsache?

6. Denga lina ndi masikweya mita 40. Likulemera makilogalamu angati? Ndi matumba angati a chimanga?

7. Mnansi wanu akufuna kukupatsani zidutswa za lusalite kuti mutchingire dimba. Mumuyankha bwanji popanda kuyambana naye?

Ntchito ya sabata ino

Tigawane m'magulu a anthu anayi. Gulu lililonse liyende m'dera lake ndi kuwerenga nyumba za lusalite. Tilembe m'mizere itatu: zathunthu, zong'aluka, zosweka. Tisakwere padenga ndipo tisagwire zidutswa ndi manja. Tikapeza ana akuseweretsa zidutswa, tilankhule ndi makolo awo mwaulemu. Gulu limodzi lifunse mitengo ya malata, pulasitiki ndi zophimba mphuno. Lolemba likubwerali tidzawonkhetsa manambala onse pa bolodi, tidzalemba kalata imodzi, ndipo tidzasankha anthu awiri okaipereka kwa nyakwawa ndi ku ofesi ya Posto.